Malipiro akutha pa 12, kodi ndalama zikudonthera pati?

Make Mapasa (Area 25): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi yandikhala pakhosi. Ine ndi bambo a kunyumba tonse tili pa ntchito. Ana ndi atatu, mapasa ali Sitandade 4, wamkulu ali Fomu 2, kuphatikizapo mng'ono wanga amene tikukhala naye. Koma likangokwana tsiku la 12 la mwezi m'nyumba muli mbee, tayamba kale kukongola. Mwezi watha ndinapsa mtima, ndinatenga kope lotsala la mapasa n'kuyamba kulemba chilichonse chotuluka m'chikwama, ngakhale bokosi la machesi. Dzulo usiku ndinakhala pansi kuwonkhetsa. Anzanga, ndinaseka ndekha ngati wamisala. Ine nthawi yonseyi ndimaloza chala lendi ndi fizi. Koma lendi ndi fizi sizibisala, zimabwera kamodzi ndipo umaziona zikubwera. Wakuba weniweni ndi mawu akuti "thamanga pa okala". Pa masiku 30 ndatuma ana pa okala maulendo 52. Mafuta ophikira a m'kachubu, shuga woyeza pa kapu, kapaketi ka sopo waufa, mazira awiri, buledi m'mawa uliwonse. Ndalama ya machubu okha nditaiphatikiza, ndikanagula botolo la malita awiri n'kutsala chenji, chonsecho amene tinadyawo ndikukayika ngati anakwana lita ndi theka. Ndiye ndikufunseni, inu mukutha bwanji? Musandiuze za bajeti ya pa pepala, ndikufuna zomwe mukuchitadi kukhitchini kwanu.

Mbeta ya ku Zingwangwa: Maulendo 52! Amayi, mapasawo muziwapatsa alawansi ya mayendedwe, akuyenda kuposa a kabaza 😂

Make Mapasa (Area 25): Asisi musaseke. Mwini okala amandipatsa moni ndili patali ngati ndine bwana wake. Tsopano ndadziwa chifukwa chake.

Aphunzitsi a ku Dedza: Mayi, mwachita bwino kulemba. Ambirife kope timaliopa chifukwa silinama. Koma ine ndiyambira pa chimanga, popeza nyumba ya Mmalawi imaima pa nsima. Chimanga chimatsika mtengo Meyi ndi Juni anthu akangokolola, kenako chimayamba kukwera mpaka chimafika poipa Januwale ndi Febuluwale. Izi n'za chaka ndi chaka, sizifuna mneneri. Mukukumbukira chilala cha El Niño chija, boma litalengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi? Pofika kumayambiriro kwa 2025 thumba la makilogalamu 50 linagunda K100,000 m'misika ina. Amene anagula nthawi yokolola ankadya nsima yomweyo pa mtengo wosakwana theka. Ine sindikwanitsa kugula cha chaka chonse, malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa. Koma a Meyi ndi a Juni ndimawapweteka dala, miyezi iwiriyo timadya mosauka, kuti matumba 6 a miyezi yoopsa alowe m'nyumba. Chofunika n'chakuti chikhale chouma ndithu. Tengani botolo louma la galasi, ikanimo mchere wouma pang'ono ndi chimanga chodzaza dzanja, khutchumulani, musiye kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimangacho chikadali ndi chinyontho, kachiyanikeninso. Ndikatero ndimathira m'matumba a PICS aja, a mapulasitiki awiri m'kati. Ukamanga bwino mpweya sulowa, anankafumbwe amafera momwemo, mankhwala osafunika. Anga ndawagwiritsa ntchito zaka zitatu, bola makoswe asawaboole.

Aphunzitsi a ku Dedza: Ndinaiwala. Siyani kukonola thumba lonse. Mukakonola, n'kunyika mphale, n'kugayitsa ufa woyera, gawo lalikulu la thumba limapita ku madeya, ndipo kuchigayo mwalipira kawiri. Mgaiwa sutaya kanthu.

Mbeta ya ku Zingwangwa: Aphunzitsi, mgaiwa ndinatsanzikana nawo tsiku limene ndinalemba mayeso omaliza a Fomu 4. Zaka zinayi za mgaiwa ndi nyemba zofumbwa zinandikwana. Musandibwezere ku boarding chonde.

Agogo a ku Chilomoni: Mdzukulu wanga, yamba ndi gramil, uzolowera. Ife a BP ndi shuga kuchipatala amatiuza kuti tizidya mgaiwa womwewo. Mukuuthawa lero mudzaufuna mutakula.

Wakabaza wa pa Nsungwi: Mabwana ndi madona, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndilankhuleko. Zomwe mukunenazi n'zabwino, koma n'za anthu a pa malipiro. Aphunzitsi akuti gulani matumba 6 mu Juni. Ndigula ndi chiyani? Ine ndalama yanga imabwera madzulo, nditachotsa ya mwini njinga ndi ya mafuta. Tsiku labwino ndimatsala ndi yokwana walkman ya ufa, bonya wa pa mulu, tomato awiri, kachubu ka mafuta ndi kapepala ka makala. Tsiku la mvula kapena mafuta akasowa pa filling station ndimabwera chimanjamanja. Ndikudziwa bwinobwino kuti walkman n'njodula kuposa thumba. Sindine wopusa. Masamu ndimawadziwa kuposa amene amandigulitsawo. Koma mwana sangadye masamu usiku uno podikira kuti bambo ake asonkhanitse ya thumba. Wosauka ndiye amagula modula m'dziko muno, ndipo si chifukwa chosadziwa. Choncho mukamati kusamala ndalama, muzinenanso kuti enafe tilibe choti tisamale.

Make Mapasa (Area 25): Achimwene, mwandigwira pakamwa. Zoona zake n'zomwezo. Ifenso a malipirofe kuyambira pa 12 timakhala ngati inu, kusiyana kwake n'kwakuti ife tili ndi masiku 11 opumira.

Aphunzitsi a ku Dedza: Sindikutsutsani achimwene, ndipo pepani ngati ndalankhula ngati munthu wokhuta. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Palibe kope lomwe lingabweze zimenezo. K5,000 ija pamene inkatuluka mu 2022 tinkaigwira ndi manja awiri, lero ukangoiswa yatha. Koma funso langa ndi ili: pa siteji panu mulipo angati?

Wakabaza wa pa Nsungwi: Okhazikika tilipo 14.

Aphunzitsi a ku Dedza: Ndiye anthu 14 mukugula machubu 14 tsiku lililonse kwa munthu amene anagula ndowa imodzi ya malita 20 n'kumakuyezerani. Phindu lake lonse ndi inuyo. Bwanji ndowayo osaigula nokha?

Mlamu wa ku Joni: Apa ndilowepo. Kuno ku Johannesburg eni dziko ali ndi zomwe amazitcha stokvel. Ndi chipereganyu chomwechi, koma magulu ena sagawana ndalama, amasonkha chaka chonse ndipo Disembala amakagula katundu ku holoselo: mpunga, mafuta, shuga, sopo, n'kugawana. Nditaona zimenezo ndinauza anzanga anayi a kumudzi amene timachita lendi pamalo amodzi. Ife sitidikira Disembala, timasonkha Lachisanu lililonse, pakutha pa mwezi mmodzi amapita kukagula. Belo la shuga la mapaketi 20 mukagawana anthu asanu, aliyense mapaketi anayi. Nokha simungalikwanitse, koma mutu umodzi susenza denga. Vuto lake ndi limodzi lokha: ndani asunge ndalamazo. Gulu lathu loyamba linatha chifukwa msungichuma anadwalitsa mayi ake kumudzi n'kutumiza zonse. Sitinathe ngakhale kumukalipira, matenda analidi oona. Tsopano sitisunga ndalama kupitirira milungu inayi, ndipo zimakhala pa foni yomwe nambala yachinsinsi akuidziwa ndi anthu awiri, wina theka wina theka.

Wakabaza wa pa Nsungwi: Za theka-thekazo zandisangalatsa alamu. Pa siteji pathu tili ndi chipereganyu cha tsiku ndi tsiku kale, koma aliyense akalandira zimathera momwe mukudziwiramo. Ndikawauza anyamata mawa kuti mlungu umodzi pamwezi tisalandire ndalama, tigule ndowa. Koma sindikulonjeza, ena mwa iwo ndi akazi awo omwe sawakhulupirira.

Agogo a ku Chilomoni: Ana inu nkhani ya moto simunaikhudze, chonsecho makala ndi amene akudya ndalama kuposa ndiwo. Ndikuuzeni za nyemba. Ambiri mumatenga nyemba zouma gwa n'kuziika pa mbaula maola atatu, makala kuthira kawiri katatu. Zinyikeni m'madzi usiku pogona. M'mawa tayani madziwo, thirani ena, ziwire kwambiri kwa mphindi 20 kapena 30. Ndiye muchotse poto osavundukula, mumukulunge m'bulangeti lakale, muike m'dengu momwe mwayalamo nsanza kapena mapepala, pamwamba muphimbe ndi pilo wakale. Pitani ku ntchito. Pobwera masana nyemba zapsa zokha, zikadali zotentha, mwangotsala n'kukazinga tomato. Mpunga ndi mbatata chimodzimodzi, koma zimenezo sizichedwa. Ine dengu langa lakhala zaka zambiri, adzukulu amalitcha "maikulowevu ya agogo". Chinanso, kuphika osavundikira poto n'kuotcha ndalama. Ndipo mukamaliza kuphika makala otsala musawasiye azingonyeka, akwirireni ndi mchenga kapena muwatsekere m'chitini, mawa ayakanso. Amene muli ndi malo a nkhuni pezani chitetezo mbaula, yadothi ija. Tinkhuni titatu nsima yapsa, pamene pa mafuwa moto umathawira m'mbali.

Mbeta ya ku Zingwangwa: Agogo, bulangetilo silipsa?

Agogo a ku Chilomoni: Poto wachoka pamoto, lipsa ndi chiyani mwanawe? Ungopukuta mwaye kunsi kwake. Koma pamene tikunena za makala ndichenjeze: Juni ndi Julayi kukazizira musalowetse mbaula m'chipinda n'kutseka mawindo ati kuti musawononge moto wotsala. Utsi wa makala suoneka, sununkha, umapha anthu ali m'tulo. Kumeneko si kusamala ndalama.

Wamagetsi wa ku Kawale: Ine ntchito yanga ndi yamawaya, ndiye ndiyankhe za mayunitsi a ESCOM, chifukwa anthu amalimbana ndi zinthu zolakwika. Mumakalipira mwana kuti wasiya foni pa chaja, chonsecho chaja sichidya kanthu. Lamulo lake ndi ili: chinthu cha mawatsi 1,000 chikayaka ola limodzi, yuniti imodzi yapita. Babu lakale lija la mawatsi 100 limamaliza yuniti pa maola 10. La LED la mawatsi 10 limafuna maola 100 kuti limalize yuniti yomweyo. Ndiye ngati panja pali babu lakale loyaka usiku wonse, limenelo lichotseni lero. Koma akuba akuluakulu ndi zinthu zotenthetsa: hotipuleti, ketulo, ayironi, ndi giza yotenthetsa madzi osamba. Mbale imodzi ya hotipuleti ndi mawatsi 1,000 kapena kuposa. Nyemba za maola atatu pamenepo ndi mayunitsi atatu, ndiye dengu la agogolo likugwiranso ntchito kwa a magetsi. Giza ndiye mfumu ya mbava, musaisiye yoyaka tsiku lonse. Kusita, sitani kamodzi zovala za mlungu wonse, osati malaya amodzi m'mawa uliwonse ayironi kuyambira pozizira. Ketulo muziwiritsa madzi okwana makapu amene mukufuna, otsala thirani mu fulasiki. Firiji yang'anani labala wa pachitseko: tsekerani pepala, likasololoka mosavuta ndiye kuti kuzizira kukuthawa ndipo injini ikungolira usana ndi usiku.

Make Mapasa (Area 25): Ndapita kukayesa pepala pa firiji pompano. Lagwa lokha osalikoka n'komwe 🙆🏾‍♀️

Wamagetsi wa ku Kawale: Ndiye mwampeza wakuba wachiwiri. Labalayo amasintha, simufunika firiji ina. Yesaninso madzi. Usiku pogona tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita, m'mawa musanatsegule kalikonse kaoneninso. Akasuntha ndiye kuti penapake pakudontha. Kawirikawiri ndi thanki ya kuchimbudzi, madzi amangotsetsereka mwakachetechete. Kwa mlongo wanga tinapeza paipi yoboola pansi pa maluwa, iye n'kumayamikira kuti maluwa ake ndi obiriwira ngakhale mu Okutobala.

Mbeta ya ku Zingwangwa: Chabwino ndisiye nthabwala, nanenso ndinene zanga. Ine ndimakhala ndekha, nsima sindiphika kawirikawiri, ndiye chimanga si vuto langa. Zanga zimathera pa zinthu zitatu: chakudya cha masana kutauni, bandulo, ndi maukwati. Za masana ndinazithetsa, ndimanyamula m'kontena zotsala za usiku, poyamba anzanga ankandiseka, pano atatu akunyamulanso. Bandulo ndinasiya kugula ya tsiku, ndimagula ya mwezi ndipo ndinatseka zoti mavidiyo a pa WhatsApp azidzitsitsa okha. Ndinasiyanso kutapa ndalama pang'onopang'ono pa Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa ulendo uliwonse amadulapo, bola kutapa kamodzi kapena kulipira pa foni pomwepo. Koma maukwati, anthu inu! Chaka chatha ndinalowetsedwa m'magulu a WhatsApp 9 osandifunsa. Chinkhoswe, bridal shower, send-off, ukwati weniweniwo, ndipo paliponse chitenje chakechake, telala, tsitsi, mphatso, ndi ndalama zosinthasintha za perekaniperekani. Ukwati wina ndinavina mpaka nditatsala ndi ya minibasi yokha, MC akungoitana "anzake a mkwatibwi a kuntchito", kenako "a kutchalitchi", kenako "amene munaphunzira naye", ine magulu onsewo ndinalimo. Banjalo pano linatha, chitenje chili m'sutikesi.

Mayi wa Mvano: Mwana wanga ndaseka mpaka misozi, koma samalani. Mawa ndi inu. Amene mukuwakana lerowo ndi amene adzakuvinireni. Kupatsa n'kuika. Makamaka pa maliro, ine sindilola kuti munthu aziwerengera. Maliro n'kulirana. Tsiku limene zidzakugwereni mudzaona kuti kope silinyamula bokosi.

Mbeta ya ku Zingwangwa: Amayi, za maliro sindikutsutsa ngakhale pang'ono, pamenepo ndimapereka ndipo ndimapita kukagona. Koma maliro sabwera ndi yunifolomu ya mitundu itatu. Chimene ndachita chaka chino: ndili ndi envelopu ya zochitika, mwezi uliwonse ndimaikamo ndalama yomweyomweyo. Ikatha yatha. Ukwati ndimasankha mwambo umodzi, ndimapita ndi diresi langa lomwe ndili nalo kale, ndalama ya chitenje ndimawapatsa eni ake m'manja. Mmodzi yekha ndi amene anakwiya.

Mayi wa Mvano: Apo ndiye tagwirizana. Kunena zoona ifenso ku mpingo zovala za misonkhano zachuluka. Ndinanenapo pa komiti, anandiyang'ana ngati ndatukwana.

Mlamu wa ku Joni: Nkhani ya manyaziyi ndi imene inandisaukitsa ine zaka zoyambirira. Ukakhala kuno anthu kumudzi amayesa ndalama timatola m'misewu. Foni iliyonse ndi vuto, ndipo ukakana akuti wasintha. Ndinkatumiza pa Mukuru katatu kanayi pamwezi, tindalama ting'onoting'ono, ulendo uliwonse ndi mtengo wake wotumizira, koma Febuluwale akafika kunyumba kulibe ufa. Tsopano ndinakhala nawo pansi mayi ndi achemwali anga. Ndimatumiza zazikulu katatu pachaka: ya chimanga nthawi yokolola, ya feteleza mvula isanagwe, ndi fizi yomwe imapita kusukulu osadutsa m'manja mwa munthu. Za pakati apo ndi za matenda okha. Anadandaula miyezi iwiri, amalume mpaka anati ndakwatira mkazi wondilamulira, chonsecho ndine mbeta yamphongo. Koma chaka chino palibe amene wagona ndi njala.

Bambo wa Ana Atatu: Ndakhala ndikulemba n'kufufuta. Koma poti Make Mapasa ayamba ndi chilungamo, nanenso ndinene. Azibambofe timakonda kufunsa akazi athu kuti ndalama ya ndiwo yatha bwanji msanga, pamene dzenje lalikulu lili m'thumba mwathu. Ine langa linali kubetcha mpira. Ndinkati ndi K1,000 chabe, K2,000 chabe. Tsiku lina ndinatsegula mbiri ya pa foni n'kuwonkhetsa za miyezi itatu. Inali fizi ya teremu yonse ya mwana wanga wa sekondale, amene nthawi yomweyo anali atabwezedwa kunyumba chifukwa cha fizi. Kuti ndibise ndinakatenga katapila, K100,000 kuti ndibweze K150,000 pakutha pa mwezi. Mwezi utatha ndinalipira chiwongoladzanja chokha, ngongole ili chiimire. Zinatenga miyezi isanu, ndipo khadi langa la ku banki linali m'manja mwa mwini ndalamayo. Masiku amenewo mayi a kunyumba ankadula sopo wa mtanda m'tizidutswa n'kumayanika pa windo kuti aume asathe msanga, ine ndikuwaona. Mpaka lero ndikaona sopo pa windo mtima umandipweteka. Ndinawauza zonse. Sizinali zophweka. Pano malipiro akalowa timakhala awiri pa tebulo.

Agogo a ku Chilomoni: Mwalimba mtima bambo. Ambiri amafa nazo.

Wakabaza wa pa Nsungwi: Bigi, mwalankhula za ine ndi theka la siteji yathu. Paja ndinati tilibe choti tisamale. Ndabweza pang'ono mawu aja. Pang'ono pokha.

Aphunzitsi a ku Dedza: Pa katapila ndiwonjezere za banki m'khonde, chifukwa ambiri amayesa kumeneko n'kusunga basi. Ndi yabwino, akazi anga ali m'gulu ndipo Disembala akagawana timagula feteleza wobereketsa. Koma magulu ena amakakamiza aliyense kukongola kuti chiwongoladzanja chichuluke. Ukakongola popanda geni yoti ibweze, ndiye kuti ukudzibera wekha. Ndaona amayi ali m'mabanki atatu, akukongola uku kuti akabweze uko, mapeto ake anzawo kudzanyamula mipando ndi mapoto.

Make Mapasa (Area 25): Ine ndili m'awiri. Ndangoti chete.

Mayi wa Mvano: Tibwerere ku ndiwo, poti mwini nkhani anafunsa za kukhitchini. Ine kuseri kwa nyumba ya lendi kulibe malo, koma ndili ndi matumba akale a simenti 8 odzaza dothi ndi manyowa a nkhuku. Muli mpiru, chayinizi, anyezi wamasamba ndi tsabola. Ndimathirira ndi madzi otsukira mpunga ndi masamba, osati a sopo. Bonongwe ndi chisoso zimamera zokha, anthu amazula ati ndi udzu, kenako n'kupita kumsika kukagula kabichi. Nthawi ya dzinja nkhwani ndi khwanya zikachuluka ndimafutsa: kuwiritsa pang'ono, kuyanika, kusunga mouma. Okutobala masamba akadula ine ndimangotendera mfutso wanga. Nsinjiro zimalowa m'malo mwa mafuta, ndiye masiku otendera kachubu sikafunika. M'mawa buledi ndi wa Lamlungu lokha. Masiku ena ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata, chinangwa kapena chigumu. Mwana wodya mbatata amafika nayo masana, wa buledi 10 koloko wayamba kale kuyasamula.

Agogo a ku Chilomoni: Mfutso umenewo amayi athu ankasunga m'zikwatu, zomanga ndi masamba a msuku, n'kupachika kudenga la khitchini. Njala ya 2002 amene anali ndi zikwatu anaona kusiyana. Koma pa mtedza chenjerani. Musagule wonyala, wakuda kapena wa nkhungu chifukwa choti watchipa, ati tikasinja sizioneka. Chuku chimenecho ndi poizoni, chimawononga chiwindi ndipo ana chimawapinimbiritsa. Sankhani, woipa tayani, musapatse ngakhale nkhuku. Ndiponso pali zinthu zosadula: mankhwala a BP, a shuga, ma ARV osadumphitsa ati ndasowa ya minibasi. Ndi ana azilawako dzira, usipa, nyemba kapena soya. Nsima ndi masamba okhaokha mwezi wonse mudzalipira kuchipatala.

Mbeta ya ku Zingwangwa: Ndipo kumsika muzipita mutadya. Ine ndikapita ndi njala ku Limbe ndimabwerako ndi tchipisi m'mimba, zitumbuwa m'chikwama, tomato nditaiwala.

Aphunzitsi a ku Dedza: A ku Lilongwe muli ndi mwayi simukuuona. Tomato, kabichi, anyezi ndi mbatata ya kachewere zambiri zomwe mumagula m'tauni zimachokera kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, ku Bembeke, Lizulu, Tsangano. Aliyense wodutsa pa M1 mutumeni aime pa Lizulu kapena pa Chimbiya. Apo ayi lawirirani ku Wakawaka kumene amatsitsira, mugule ndowa mugawane. Tomato akachuluka muwiritseni akhale phala lolimba, muike m'firiji m'timakontena. Paja firijiyo mukonze kaye labala.

Make Mapasa (Area 25): Anzanga ndabweranso. Usiku ndinawaonetsa bambo a kunyumba kope lija pamodzi ndi zomwe analemba Bambo wa Ana Atatu. Anawerenga osayankhula, kenako anati, "Kopeli lili ndi tsamba la ine?" Ndinati ayi. Anatenga cholembera n'kulemba okha dzina lawo pamwamba pa tsamba latsopano. Zomwe alembemo sindikudziwa, ndipo sindikufuna kulonjeza kuti zisintha, anthu awa timawadziwa. Za mng'ono wanga takambirananso, ayamba kugula yekha bandulo ndi mafuta odzola pa ndalama ya maganyu ake. Nyemba ndanyika. Bulangeti ndapeza la mapasa la ali akhanda. Tsopano za ndowa ya mafuta ndi belo la shuga: a ku Area 25, 49 ndi Kawale amene mukufuna, tikufunika anthu asanu, malita anayi ndi mapaketi anayi aliyense. Ine woyamba.

Wamagetsi wa ku Kawale: Wachiwiri. Labala wa firiji ndibwera naye, munditumizire chithunzi cha chitseko ku inbox.

Mayi wa Mvano: Wachitatu. Ndili ndi jagi yoyezera ya lita, tisadzakangane pogawana.

Wakabaza wa pa Nsungwi: Malita anayi pandekha sindingathe. Ndalankhula ndi mnzanga mmodzi, titenga gawo limodzi awiri, ndalama tikhala titakwanitsa Lachisanu likudzali osati lino. Mukadikira, katunduyo ndinyamula ine kuchokera ku holoselo mpaka pakhomo ulere.

Make Mapasa (Area 25): Tidikira achimwene. Watsala mmodzi.

Mbeta ya ku Zingwangwa: A ku Blantyre mwatisala eti? Agogo, ife tiyambe lathu. Inu mubweretse dengu, ine ndibweretsa zitenje 9 zokulungira poto.

Agogo a ku Chilomoni: Bwera nazo Loweruka, koma udzere ku chigayo. Ndili ndi ndowa ya chimanga yofuna wachinyamata woti asenze, ndipo tikugayitsa mgaiwa.